Pulogalamu ya Khirisimasi ya Amalume a Laitoni

Khirisimasi ya chaka chino yadutsa popanda pulogalamu. Palibe amene anandiimbira foni m'mamawa kufunsa ngati ana asamba, palibe amene anandikalipira kuti ndavala nsapato zosayendera. Amalume a Laitoni Mbewe tinawaika m'manda mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pamaliropo sindinalire mokwanira chifukwa ndinali piringupiringu ndi zidebe za madzi. Kulira kwenikweni kunandipeza mu Disembala, m'sitolo ina yaikulu kuno ku Ndola, atangoyamba kuika nyimbo za Khirisimasi. Ndinasiya dengu pakati pa mashelefu n'kutuluka. Chiyambire tsiku limenelo sindikhazikika. Ndikati ndikhale pansi ndadzuka, ndikadzuka ndasowa kolowera, moti amuna anga akuti chuma chimene amalume anandisiyira ndi matenda awo omwewo.

Anali achimwene awo a amayi anga, mwinimbumba wathu. Anabadwira ku Dedza, n'kubwera ku Kitwe ali wamng'ono, kutsatira bambo awo amene ankalowa pansi mumgodi. Iwo pansi sanalowe. Anali kalaliki wolemba maola a anthu ogwira ntchito, ndipo atapuma anakakhala ku Luangwa, dera lina la mu Kitwe momwemo, ndi akazi awo, aNankhoma. Kutchalitchi kwathu kwa Apresibeteriya anali mkulu wa mpingo komanso mlembi. Munthu wake anali wamfupi, woonda, wosasiyana ndi ambulera yakuda, woyenda ngati basi ikumusiya. Tiyi ankamwa ali chiimire. Ulaliki ukatalika ankadzuka kukatsegula mawindo, kenako n'kudzukanso kukawatseka. Pamaliro a anthu ena ankafika oyambirira n'kuyamba kufunsa chimene chikuchedwetsa mwambo, ngati kuti womwalirayo akudikiridwa kwina.

Kusakhazikika kumeneku kunkafika poipa Disembala akalowa. Mlungu woyamba wa mweziwo, nyumba iliyonse ya mbumba yawo, ku Kitwe ndi ku Ndola komwe, inkalandira pepala lotayipa, pamwamba atalembapo kuti Pulogalamu. Linkayambira tsiku loti mawa Khirisimasi mpaka Chaka Chatsopano, ola ndi ola, malo ndi malo, ngakhale mtundu wa nsapato zoyenera kuvala. Ankati kumudzi Khirisimasi imakupeza yokha pakhomo ndi ng'oma zake, koma ya m'tauni uyenera kuilondola kumene ili, apo ayi uingomvera kwa aneba. Ankatinso banja longokhala m'nyumba pa tchuthi limayamba kukumbutsana milandu yakale dzuwa lisanafike pamutu. Ndiye tinkayenda.

Tsiku la Khirisimasi tikatuluka m'tchalitchi, ana a Sande sukulu asanamasule n'komwe matawulo amene anamanga kumutu pochita sewero la abusa a ku Betelehemu, amalume anali atayamba kale kutikusa. Mpunga ndi nkhuku tinkadya mothamanga, pakuti pa pepala chakudya anachipatsa mphindi makumi anayi. Kenako m'tauni, kukaona mitengo ya Khirisimasi m'masitolo akuluakulu, ana kukagwira chanza Fada Khirisimasi amene thukuta linkayenderera m'ndevu zake zathonje. Tsiku lina kudamu, titanyamula mbaula, nyama ndi mikeka, ndipo nyama isanapse bwino iwo ayamba kale kupinda mkeka umene mwakhalira. Tsiku lina ku Ndola, kunyumba yosungirako zinthu zakale, kumene ankaima pa miyala ya kopa n'kumulanda mawu munthu wotionetsayo. Tikachoka kumeneko tinkakaima kumpanda wa bwalo la ndege kuti tione ndege ikunyamuka. Imodzi yokha, chifukwa zinazo ankati n'chimodzimodzi. Ayisikilimu tinkadyera m'njira, akuyenderera m'zigongono. Mvula ya Disembala inkatipeza paliponse, koma poti pa pulogalamu sinalembedwe, amalume sankaiwerengera.

"Naini awazi ndi naini awazi!" ankakuwa ali pageti, akugogoda pansi ndi ambulera. "Inu aNankhoma, duku limenelo mukumanga kapena mukuluka?"

"Bambo, kodi khanda la ku Betelehemu lithawa m'kholamo tikachedwa pang'ono?" ankayankha aNankhoma ali m'kati, osafulumira ngakhale pang'ono.

"Khanda silithawa, koma basi ithawa!"

Tinkadandaula, tinkawajeda m'basi mu Chibemba poganiza kuti sakumva, chonsecho ankamva zonse. Koma tinkapita. Ndinene zoona, tinkasangalala, ndipo ana athu matauni awiriwa amawadziwa ngodya ndi ngodya chifukwa cha iwo.

Paliponse pamene tatsika ankatiimika pamzere n'kutiwerenga mitu ndi nsonga ya ambulera. Akamaliza ankayambiranso. Ndiyeno, tonse tili pomwepo, ankatembenuka kuyang'ana kumsewu kumene tachokera. Ana ankaseka kuti agogo masamu amawavuta. Ife akuluakulu sitinkaseka, chifukwa tinkaudziwa mutu umene ukusowa. Unali wa Esinati, mwana wawo wamkazi mmodzi yekha, msuweni wanga, amene kwa zaka zoposa khumi sanaponde pakhomo pa bambo ake.

Nkhani yake inayamba ndi timbale tiwiri tachitsulo. Esinati anakondana ndi Mulenga, Mbemba wogwira ntchito ya magetsi, munthu wofatsa amene ankapereka moni atavula chipewa. Kwa Abemba, mwamuna akafuna mkazi amatuma munthu wamkulu, amene amamutcha shibukombe, kukapereka kwa makolo a mtsikana timbale tiwiri tovindikirana, m'kati muli kachizindikiro kopemphera. Makolo akavundukula ndiye kuti alola. Akabweza tili chivindikirire ndiye kuti akana, ndipo nkhani yathera pomwepo. Shibukombe wa Mulenga anasankha kufika ku Luangwa masana a tsiku la Khirisimasi, poganiza kuti apeza banja lonse lili pamodzi. Anatipezadi, koma tili pageti, tikunyamuka kukaona mitengo ija m'tauni.

Ndinalipo, ndipo ndikukumbukira kuti titabwerera m'nyumba amalume sanakhale n'komwe pansi. Anamvetsera ali chiimire, diso lili pa wotchi. Sikuti ankamuda Mulenga ayi, ankamuyamikira kuti mowa salawa. Koma mwa Chichewa chathu bambo salandira nkhani ya ukwati wa mwana wake. Mwana ndi wakuchikazi, ndipo woyenera kulandira ndi malume wake. Malume wa Esinati anali a Yohane, achimwene awo a aNankhoma, ndipo ankakhala ku Dedza.

"Ine pano ndine wobereka chabe," anatero amalume kwa mlendoyo. "Eni ake a mwanayu ali kumudzi. Tengani mbale zanu mukasunge. A Yohane akabwera Khirisimasi ya chaka chamawa, tidzakuitanani."

Anatola timbale tija n'kutiika m'manja mwa mkuluyo, tili chivindikirire. Iwo mumtima mwawo ankalemekeza mwambo, ankanena kuti dikirani. Mkulu uja anamva kuti chokani. Anaimirira, n'kuwomba m'manja kamodzi, nati, "Twaumfwa, mukwai," ndiye kuti tamva, n'kutuluka osacheuka. Ife tinapitiriza ulendo wathu wa m'tauni, titachedwa ndi mphindi khumi zimene amalume anadandaula nazo njira yonse. Esinati anayenda kumbuyo kwa tonse tsiku limenelo, ndipo ayisikilimu wake anapatsa mwana wanga.

Mpaka lero zimandipweteka mutu. Munthu amene wakulira kuno ku Kopala, dera lathu lino la migodi, aneba ake onse Abemba, anzake a kuntchito Abemba, akanayenera kudziwa. Koma amalume Chibemba ankachisiya pageti pamodzi ndi matope a kunsapato, ndipo miyambo ya eni dziko ankaiona ngati nkhani za anthu ena. Mawa lake neba wawo anawafotokozera chimene anachita. M'malo mothamangira kukapepesa, iwo amene ankathamangira chilichonse, anauma mutu. ANankhoma anawachonderera kuti angoimba foni ku Dedza, a Yohane apereke mawu, nkhani ithe. Anakana. Ankati unkhoswe si wapafoni, nkhoswe iyenera kuonedwa nkhope, chifukwa ndi imene idzakhale pakati ukwati ukadzayamba kugwedezeka.

A Yohane sanabwere. Chaka choyamba akazi awo anadwala. Chachiwiri pasipoti yawo inapezeka kuti inatha. Akwawo kwa Mulenga anali atanena kale kuti iwo khomo lowabwezera mbale saligogodanso, koma Mulenga ndi Esinati anadikirabe Khirisimasi ziwiri zathunthu. Itadutsa yachiwiriyo anapita kuboma ndi mboni ziwiri, n'kukwatirana, n'kusamukira ku Itawa, kuno ku Ndola. Akulu a mpingo anakhala pansi n'kumuimitsa Esinati kudya mgonero chifukwa cholowa m'banja popanda ankhoswe ndi mdalitso wa tchalitchi. Wolemba chigamulocho m'buku anali mlembi wa mpingo, bambo ake omubereka, ndipo amene analiona bukulo amati tsamba limenelo analemba mwaukhondo kuposa ena onse. A Yohane anadzamwalira patapita zaka zingapo, Kitwe asanamuone ndi maso.

Ine ndimakhala ku Kanini, ndipo ku Itawa si kutali, choncho ndi Esinati tinkaonana. ANankhoma nawonso ankakumana ndi mwana wawo mobisa kunyumba kwanga, atanamizira kuti akubwera kudzandiphunzitsa kuphika chikondamoyo, moti chikondamoyo chimenecho ndinachiphunzira zaka khumi. Tsiku lina amalume atabwera kwathu, ndinalephera kuugwira mtima.

"Amalume, ukwati wanga munayendetsa ndinu. Wa achemwali anga ndinu. Wa ana a anthu kutchalitchi ndinu. Wa mwana wanu yekha ndiye wakukanikani?"

"Wako unali wanga," anayankha. "Wa Esinati sunali wanga."

"Nanga kulira kwa aNankhoma n'kwa yani?"

Anaika kapu pawindo, tiyi ali theka, n'kutenga ambulera. Sanandilankhule miyezi isanu, mpaka Disembala atakwana pamene pepala la pulogalamu linafika kwathu monga mwa masiku onse. Koma ndinayamba kuona chinthu china. Kale Ndola ankaipatsa tsiku limodzi. Kenako anakhala masiku awiri, kenako atatu. Ndipo akabwera kwathu ankafunsa mozungulira: ngati ku Itawa madzi amatuluka m'mipopi, ngati misewu ya kumeneko imadutsika mvula ikagwa, ngati kuli sukulu yabwino ya atsikana. Dzina la mwana wawo silinkatuluka pakamwa pawo.

Pulogalamu ya chaka chatha inali ndi mzere umene sitinauonepo. Pansi pa tsiku lotsatira Khirisimasi, limene tinayenera kukhala ku Ndola, panalembedwa kuti, "Fotini awazi: Zina ndi zina," monga amathera mndandanda wa zokambirana kumsonkhano wa akulu a mpingo. Tinafunsana chimene chidzachitike thuu koloko imeneyo, koma panalibe wodziwa.

Tsiku limenelo amalume anali ngati akhalira linthumbu. Ana atangovula nsapato kuti alowe m'chinyumba chopopa chimene amadumphiramo pabwalo la masitolo, iwo anati nthawi yatha. Kunyumba ya zinthu zakale anadutsa miyala ya kopa osakangana ndi aliyense, moti wotionetsa uja anawafunsa ngati akudwala. Kubwalo la ndege sitinadikire ngakhale imodzi ija. Pofika thwelofu tinali titamaliza zonse za tsikulo, ana akulira, akuluakulu atatupa. Anauza gulu lonse kuti lipite kwathu ku Kanini likadye, kenako anandiloza ndi ambulera.

"Iwe ndi aNankhoma, tiyeni."

Tinakwera minibasi ya ku Itawa. Sanandifunse potsikira, sanandifunse njira. Anatsogola okha, kukhota pamene pakhotedwa, kulumpha ngalande pamene palumphidwa, ndipo apo ndinadziwa kuti msewu umenewu anali ataudutsapo kambirimbiri ali okha. Geti la Esinati tinalidutsa. Anati akufuna aone kumene msewuwo wathera. Pobwerera tinalidutsanso, akuyamikira chimanga cha neba kuti chabiriwira bwino. Kachitatu aNankhoma anaima pagetipo n'kugwira chitsulo.

"Bambo, miyendo yanga yathera pano. Inu pitirizani."

Amalume anagogoda okha. Amene anatsegula anali Esinati, manja ali thovu la sopo. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana ine, kenako bambo ake. Anapukuta manja pachitenje, n'kupinda bondo monga amachitira kwa mlendo wamkulu aliyense.

"Mwachoma bwanji, a Mbewe?"

Sanati Adadi, monga ankawaitanira kuyambira ali mwana. Amalume anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso.

"Ndabwera kudzaonana ndi amuna ako," anatero. Aka kanali koyamba kumutchula Mulenga motero.

"Bali ku nchito. Bazabwela seventini awazi. Ngati mufuna kubaona, muzalindila. Ine ninalindila ma Khirisimasi yabili."

Nthawi inali isanakwane wani koloko, ndipo Mulenga anayenera kubwera faifi koloko. Esinati sanawalowetse m'nyumba. Anatulutsa mpando wapulasitiki n'kuuika pansi pa mtengo wa mango, ife awiri n'kutiitanira pakhonde. Ndinkayembekeza kuti amalume anena kuti azungulire kaye, abweranso. Anakhala pansi. Zala zawo zinkaseweretsa chigwiriro cha ambulera. Ola loyamba anayang'ana wotchi mwina kakhumi, kenako anaivula n'kuiponya m'thumba la jekete. Kunayamba kuwaza. Ndinawaitana kuti abwere pakhonde, koma anapukusa mutu, n'kutambasula ambulera ali pompo. Ana awiri a Esinati, atsikana okhaokha, ankasuzumira pawindo kuona nkhalamba yachilendo imene yakhala pamvula, ndipo iwo ankawaona, koma sanayerekeze kuwakodola.

Mvula itakata, Esinati anatulutsa mtedza wokazinga m'kambale kachitsulo kovindikira ndi kanzake, n'kuika pa kampando patsogolo pawo. Anavundukula, n'kumatola umodziumodzi. Ndinawamvera chisoni chimene sindinawamverepo, ngakhale mbali ina ya mtima wanga inkati akhaule. Munthu amene sankatha kudikira kuti nyama ipse anakhala pampando umenewo maola anayi.

Mulenga anafika atavala ovolosi, chikwama cha zida chili paphewa. Ataona amene wakhala pansi pa mango anaima kaye. Kenako anavula chipewa, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja.

"Mwaiseni, ba tata," anatero mu Chibemba, ndiye kuti takulandirani bambo.

Amalume anadzuka, n'kukhalanso. Analankhula motsitsa, iwo amene ankaimitsa msonkhano wa akulu a mpingo ndi liwu limodzi.

"Mwana wanga, ndinakulakwira. Ine ndinkati dikirani, osadziwa kuti kwanu ndanena kuti chokani. Atandiuza ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndinawaveka dzina la mwambo. A Yohane anapita. Palibenso woti ndibisale kumbuyo kwake. Tumizaninso mbale zija."

Mulenga anayang'ana pa kampando paja, n'kumwetulira pang'ono.

"Ba tata, mbale ni izo. Mwavundukula kudala."

Amalume anayang'ana timbale timene anali atavundukula kale kuti adye mtedza, kukamwa kuli yasa. Tinali tomwe tija, tokhala ndi mzere wabuluu m'mphepete, tongoti tsopano tinali titasupuka utoto. ANankhoma anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ine ndinati basi, zatha, tiyeni tiimbe nthungululu. Koma Esinati anali ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa, ndipo iyeyu ndi mwana wa bambo ake.

"Awe, izo sizibelengeka. Mwavundukula chifukwa cha njala. Zinabwezewa ku Luangwa, zizavundukuliwa ku Luangwa, bantu bonse baone. Na ine nizangena mu nyumba ija siku yamene mbale zizangena."

"Wanena zoona," anatero amalume.

Mulenga anati palibe vuto, Loweruka lotsatira lomwelo akhoza kupeza mkulu wina wa kwawo, popeza shibukombe woyamba uja anali atamwalira. Ndiye amalume anapukusa mutu. Anati ayi, zichitike pa Khirisimasi. Anabweza mbalezo pa Khirisimasi mbumba yonse ikuona, adzazilandire pa Khirisimasi mbumba yonse ikuona. Adzaziika pa pulogalamu, thwelofu awazi, chinthu choyamba anthu akatuluka m'tchalitchi, ndipo tsiku limenelo m'tauni sitidzapita.

"Bambo, mwayambanso?" anatero aNankhoma.

Nanenso ndinawachonderera. Ndinati mbumba yonse ili kwathu ku Kanini pompano, mawa lomwe tikhoza kusonkhana ku Luangwa. Anati zinthu zaulemu sazichita mothamanga. Iwo! Ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandipsa mpaka lero. Moyo wawo wonse anatithamangitsa pa zinthu zopanda pake, pa ayisikilimu ndi ndege, koma chinthu chimodzi chofunika kuthamangira anachiikira tsiku kawiri konse.

Chaka chimenechi anachidutsa ali jijirijijiri kuposa kale. Pulogalamu anaitayipa mu Febuluwale. Anapita kwa akulu anzawo kukapempha kuti nkhani ya Esinati aionenso, ndipo anauza msonkhano wonse kuti wolakwa anali mlembi. Mwezi uliwonse ankakwera basi kupita ku Itawa atanyamula mabisiketi, n'kumakaphunzitsa adzukulu awo nyimbo za m'buku la Chichewa, akuyendayenda pansi pa mango paja. Pofika nyengo yozizira Esinati anali atayambanso kuwaitana kuti Adadi. Koma ku Luangwa sanapite. Amayi ake anamupempha, ine ndinamupempha, iye ankangoti Disembala si kutali. Amalume nawo anayamba kupenta nyumba, chipinda ndi chipinda, okha, kukana aliyense wofuna kuwathandiza chifukwa ankati ena amachedwa.

Anagwa pamsewu mu Okutobala, akuchokera kogula chitini china cha penti. Kuchipatala anakhalako masiku awiri osalankhula. Esinati anafika, anawagwira dzanja, anawaitana, koma ngati anamva palibe angadziwe. M'nyumba ya ku Luangwa analowa ali pambuyo pa bokosi.

Pa Khirisimasi tinasonkhana kumeneko kuti aNankhoma asakhale okha. Za pulogalamu panalibe anazitchula. Titangobwera kutchalitchi, nthawi ili thwelofu ndendende, pageti panaima galimoto. Munatuluka mkulu wina wa imvi amene sitinkamudziwa, atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu yoyera, pambuyo pake Mulenga atavala suti, kenako Esinati ndi ana. Analowa mwakachetechete. Mkuluyo anagwada, n'kumasula nsalu, n'kuika timbale tija pamkeka, tili chivindikirire. Analankhula mwachidule mu Chibemba kuti anatumidwa tsiku limeneli ndi ola limeneli, ndipo wabwera.

Tinayang'anana. A Yohane kulibe, amalume kulibe. Amuna amene analipo anayamba kunong'onezana kuti mwina aimbe foni ku Dedza, kuti akuti kuli mng'ono wawo wina wa a Yohane amene angapereke mawu, kapena tidikire kaye mpaka tidzachotse zovala zakuda. Ndinaona nkhope ya Mulenga ikugwa. Ndinaona Esinati akuyang'ana kukhomo.

ANankhoma anakhwekhwereza thupi lawo pamkeka mpaka pamene panali timbale tija.

"Ku Dedza kulibe amene anamva kuwawa pobereka mwanayu," anatero. "Tadikira amuna mokwanira."

Anavundukula. Wina anayamba nthungululu n'kuimeza, pokumbukira kuti nyumbayi ikadali pa maliro. Esinati anagwetsa mutu pamiyendo pa amayi ake n'kulira ngati kamwana, akuitana Adadi, Adadi, ndipo panalibe amene anamuletsa.

Masana onsewo tinakhala m'nyumba, mvula ikugwa. Pabalaza pakadali kafungo ka penti. Makoma atatu ndi oyera, lachinayi linalekezedwa pakati, ndipo aNankhoma akuti asalikhudze munthu. Pakona pali mpando wa amalume, umene anagula atapuma ntchito. Mipando ina yonse m'nyumbamo inafwifwa, inalowa pakati, ina miyendo anachita kumanga ndi waya, koma wawowo nsalu yake ikadali yowala ngati wabwera dzulo kuchokera kusitolo. Anthu atayamba kutsanzika ndinaona Esinati ataima pamenepo yekha, akusisita khushoni ndi chikhatho, uku ndi uku, kufunafuna pamene bambo ake ankakhala. Panalibe ngakhale kadzenje koti n'kuikapo dzanja.